Kuika tramu m'gemu yomanga tauni: zolemba za ntchito kuchokera ku Dedza

10 Febuluwale 2025: Cholinga ndi zipangizo

Gemu imene ndikupanga ndi yomanga tauni, ndipo malo ake ndinawajambula motsatira Dedza boma ndi madera ozungulira, kuyambira mumsewu wa M1 mpaka m'tsinde mwa phiri. Wosewera amalambula misewu, amagawa mapuloti, amaika msika, sukulu ndi chipatala, kenako amayang'anira mmene anthu akuyendera. Pakali pano anthu a m'gemuyi amayenda pansi, pa kabaza, pa minibasi ndi pa magalimoto awo. Tauni ikakula kufika anthu pafupifupi 20,000, msewu wopita kumsika umadzaza moti palibe chimene chimasuntha, ndipo wosewera alibe chochita china koma kumangokulitsa msewuwo. N'chifukwa chake ndaganiza zoonjezera tramu, sitima yamagetsi yoyenda pa njanji zoyalidwa mumsewu womwewo umene magalimoto amadutsa. M'Malawi muno mulibe tramu, koma mu Africa si yachilendo: ya ku Alexandria inayamba mu 1863 ikukokedwa ndi akavalo, ya ku Casablanca inatsegulidwa mu 2012, ndipo Addis Ababa inayamba kuyendetsa sitima zake zopepuka za m'tauni mu 2015.

Ndikudziwa kuti ntchitoyi si yaing'ono. Gemu yotchuka yomanga mizinda ya Cities: Skylines inatuluka mu 2015 ilibe tramu, ndipo kampani ya Colossal Order ya ku Finland inadzaiika mu 2016 m'gawo logulitsidwa padera. Ngati gulu la anthu odziwa ntchito linaona kuti tramu ikufunika nthawi yakeyake, munthu wogwira yekha madzulo ayenera kulemba zonse zimene akukumana nazo, kuti wobwera pambuyo asayambirenso pachiyambi.

Laputopu yanga ndi ya kaunjika, ya Core i5, yopanda khadi lapadera la zithunzi, ndipo inabwera ndi RAM ya 8 GB. Ndaonjezera ina ya 8 GB imene ndinagula ku Lilongwe pa K55,000, osawerengera thiransipoti. Gemuyi ndikuipangira mu Godot 4.3, pulogalamu yaulere, pogwiritsa ntchito njira yake yojambulira ya Compatibility chifukwa ndi imene imayenda pa makompyuta ndi mafoni amene anthu ambiri kuno ali nawo. Nyumba ndi magalimoto ndimaumba mu Blender, nayonso yaulere. Misewu ndinaitenga ku OpenStreetMap, ndipo kukwera ndi kutsika kwa nthaka ndinatenga pa mapu a SRTM amene anayezedwa kuchokera mumlengalenga mu 2000, omwe amapereka muyeso umodzi pa mamita 30 aliwonse. Bandulo ya intaneti imandidyera pafupifupi K20,000 pamwezi.

24 Febuluwale: Njanji ndi msewu sizikuonana

Njira yofulumira inali kupanga njanji ngati chinthu choima pachokha, chokhala ndi mphambano zake, n'kuchiyala pamwamba pa msewu. Tramu inayenda tsiku lomwelo, koma minibasi inkalowera kutsogolo kwake n'kutulukira kumbuyo popanda kuchepetsa liwiro. Chifukwa chake n'chakuti galimoto iliyonse m'gemuyi imalembedwa pa mndandanda wa mzere (leni) wa msewu umene ikuyendamo, ndipo imangoyang'ana inzake ya patsogolo pa mndandanda womwewo. Tramu inali pa mndandanda wina, choncho kwa minibasi msewu unali wopanda kanthu.

Ndinachotsa zonsezo. Tsopano njanji si chinthu chapadera, koma mzere uliwonse wa msewu uli ndi chizindikiro chonena amene akuloledwa kuyendamo: magalimoto okha, tramu yokha, kapena zonse ziwiri. Tramu imalembedwa pa mndandanda umodzi ndi minibasi ndi kabaza. Amene akufuna kuchita ntchito yonga iyi ayambire pamenepa, chifukwa zonse zotsatira zimadalira kuti tramu ndi galimoto zikhale pa mndandanda umodzi.

Kusinthaku kunaononga mafayilo akale osungira matauni, popeza mizere yakale inalibe chizindikiro chatsopanocho ndipo gemu inkazima ikamawatsegula. Ndinaika nambala kumayambiriro kwa fayilo iliyonse yosonyeza kuti inasungidwa ndi gemu ya nthawi iti, ndipo fayilo yopanda nambala mizere yake yonse imapatsidwa chizindikiro cha magalimoto okha.

Pa kutalikirana kwa njanji ziwiri ndinasankha mamilimita 1,067, muyeso wa njanji yathu yodutsa ku Golomoti ndi Mtakataka kupita ku Salima, m'malo mwa mamilimita 1,435 amene matramu ambiri amakono amagwiritsa ntchito. Pa kayendedwe ka gemu sizisintha kanthu, koma njanji yopapatiza imakwana bwino m'misewu yathu ndipo ndi imene maso a anthu kuno anazolowera.

12 Malichi: Makona

Pulogalamu imaona galimoto ngati kadontho kamodzi koyenda pa mzere, ndipo chithunzi cha galimoto chimangovekedwa pamwamba pa kadonthoko. Pa galimoto ya mamita 4 palibe amene amaona cholakwika. Tramu yanga ndi ya mamita 30, ndipo itafika pa kona yoyamba, pakati pake panatsata njanji koma mutu ndi mchira zinasesa makonde a masitolo. Amene anaonapo ngolo ya ng'ombe itanyamula mitengo italiitali ya bulugamu ikukhotera m'kanjira kopapatiza akudziwa mmene nsonga zake zimakwapulira mipanda ya anthu, ndipo zimene zinkaoneka pa sikirini zinali zomwezo.

Ndinagawa tramu m'mabogi atatu a mamita 10, ndipo bogi iliyonse ili ndi magudumu a kutsogolo ndi a kumbuyo amene ayenera kukhala pa njanji nthawi zonse. Pulogalamu imangoyendetsa mutu, kenako imawerenga mamita chobwerera m'mbuyo potsata njira yomwe mutuwo wadutsa kuti ipeze pamene magudumu ena ali. Apa panatuluka vuto lina: galimoto ikachoka mumzere imauiwala nthawi yomweyo, pamene mchira wa tramu ukhoza kukhala udakali mizere iwiri kapena itatu kumbuyo. Tsopano tramu imasunga mzere uliwonse mpaka magudumu omaliza atatulukamo, ndipo mzerewo umadziwanso kuti mudakali chinthu.

Zitatha izo mabogi anayamba kutalikirana polowa m'kona n'kupanikizana potuluka. Makona a misewu yanga ndi mizere yokhota ya Bézier, mtundu wa mizere imene kompyuta imajambula powerengera masamu, ndipo nambala imene imayendetsa chinthu pa mzere wotere kuchoka pa 0 kufika pa 1 siyendera limodzi ndi mtunda weniweni. Godot ili nayo kale njira yothetsera izi mu Curve3D, chida chake cha mizere yokhota: imagawa mzere wokhota m'timfundo totalikirana mofanana, ndipo mbali yake yotchedwa `sample_baked` imakupatsani malo mukaiuza mamita. Ndinaika timfundo pa theka lililonse la mita, ndipo mabogi anagwirana bwino.

Chovuta kwambiri chinali kudziwa kona imene tramu ingakhote ndi imene singakhote. Matramu enieni amafuna kona yotakasuka, ya bwalo la mamita pafupifupi 18 mpaka 25 kuchokera pakati kufika m'mphepete, pamene galimoto yaing'ono imakhota pa malo ochepa kwambiri. Achemwali anga, amene amaphunzitsa masamu pa sekondale ina kuno, anandilembera pa pepala njira yopezera kukula kwa bwalo lodutsa pa timfundo titatu totsatizana, ndipo pondipatsa anati, "Achimwene, musayeze pakati pa kona pokha ayi, yezani paliponse mutenge pothina kwambiri." Ndinaika malire pa mamita 20. Mphambano zambiri za pa boma zinakanika nthawi yomweyo, ndipo ndinakana kufewetsa malirewo kuti zinthu zioneke ngati zikuyenda. Tsopano wosewera akamakoka njanji pa kona yothina, mzere umafiira, ndipo gemu imamuonetsa nyumba zimene ziyenera kugumulidwa ndi chipukuta misozi chimene alipire eni ake. Ndikuona kuti ichi chapangitsa gemu kukhala yabwino koposa, chifukwa kusankha njira ya tramu kwasanduka nkhani yoganizira anthu ndi ndalama.

28 Malichi: Magetsi

Magetsi anazima usiku kukugwa mvula yamphamvu gemu ili pakati posunga tauni yoyeserera, ndipo popeza batire la laputopu linatha kalekale, fayilo inatsala theka. Ndinagula batire lina pa K70,000. Ndinasinthanso kasungidwe: gemu imayamba yalemba fayilo yongoyembekezera, ndipo ikamaliza bwinobwino m'pamene imaisintha dzina kuti ilowe m'malo mwa yakale. Kwa osewera a kwathu kuno, kumene magetsi akhoza kuzima nthawi iliyonse, ichi n'chofunika kuposa zokongoletsa zonse. Godot 4.4 yatuluka mwezi uno, koma sindisamukirako mpaka tramu itatha.

15 Epulo: Zitunda

Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo phiri lake limafika pafupifupi mamita 2,200, choncho pa mapu anga malo athyathyathya ndi ochepa. Gudumu lachitsulo pa njanji yachitsulo siligwira ngati tayala pa phula. Matramu ambiri amakono amakwera chitunda cha mamita 6 mpaka 8 pa mamita 100 aliwonse, ngakhale kuti ang'onoang'ono akale a ku Lisbon amakwera choposa 13. Malire anga ndinaika pa 7.

Chida choyezera chitunda chinayamba kukana misewu imene ndimaidziwa bwino kuti ndi yosatsetsereka. Nditajambula kutalika kwa msewu umodzi pa galafu ndinapeza timakwerero: muyeso wa SRTM ndi umodzi pa mamita 30, ndipo radar yake imagunda pamwamba pa mitengo ndi madenga, moti m'mphepete mwa nkhalango ya paini nthaka imaoneka ngati yadumpha mwadzidzidzi. Ndinasalaza kutalika kwa msewu potenga miyeso ya mamita 100 pamodzi, ndipo nthaka ya m'mbali imatsatira msewu m'malo moti msewu utsatire nthaka.

Njanji zokha zinkathwanima kamera ikatalikira, chifukwa zinali pafupi kwambiri ndi phula moti kompyuta inkalephera kusankha chimene chili pamwamba. Decal ya Godot, njira yomatira chithunzi pamwamba pa chinthu china, ikanathandiza, koma siigwira ntchito mu Compatibility. Ndinajambula njanji pa chithunzi cha phula lenilenilo kuti zizioneka choncho munthu akakhala patali, ndipo njanji zoumbidwa zimaonekera kamera ikafika pafupi ndi mamita 60. Ndinaonjezeranso kanthu kakang'ono: nyengo ya mvula tramu imachedwa pa chitunda, ndipo depoti, kumene matramu amasungidwa, imagula mchenga, popeza matramu enieni amathira mchenga pa njanji kuti magudumu asaterereke.

6 Meyi mpaka 2 Juni: Mphambano

Gawo ili ndi limene landiimitsa mutu kuposa onse, ndipo ndilifotokoza mwatsatanetsatane.

Kuno timayenda kumanzere, ndipo njanji ndinaziika m'mizere iwiri ya pakati. Galimoto yokhotera kumanja imaima pakati pa msewu kudikira kuti zobwera kutsogolo zidutse, kutanthauza kuti imaima pa njanji penipeni. Pa tauni yoyeserera ndinaonerera izi zikuchitika: lole yonyamula mbatata ya kachewere inaima pa njanji kudikira mpata wolowera kumsika. Tramu inaima kumbuyo kwake. Popeza pakati pa mphambano imeneyo ndi ya kumbuyo panali mamita 25 okha, mchira wa tramu unatsala uli pingasa pa mphambano ya kumbuyoyo. Minibasi imene inkafuna kudutsa pamenepo inaima, magalimoto anandanda kumbuyo kwa minibasi mpaka anafika pakhomo pa msika, n'kutseka njira imene lole ija inkafuna kulowamo. Aliyense ankadikira mnzake, ndipo posakhalitsa tauni yonse inaima, anthu analephera kufika kuntchito, ndipo misonkho inagwa.

Magemu ambiri otere amangofufuta galimoto imene yaima nthawi yaitali. Pa galimoto yaing'ono wosewera sazindikira, koma tramu ya mamita 30 yodzaza anthu singangosowa pakati pa msewu, ndipo ine sindinafune kubisa vuto m'njira imeneyo.

Chinthu choyamba chimene ndinapanga si yankho koma chida choonera. Galimoto iliyonse yoima imajambula kamzere kachikasu kupita kwa chimene ikudikira. Timizere timeneti tikazungulira n'kubwerera pomwe tinayambira, gemu imaima, n'kutifiiritsa, n'kulemba mayina a mizere yonse. Ndisanapange chidachi ndinkangoona chipwirikiti cha magalimoto, koma nacho ndimaona amene anayambitsa kutsekerezanako. Aliyense wochita ntchito yonga iyi apange chida chimenechi asanayambe kukonza chilichonse.

Lamulo loyamba linali lakuti tramu isalowe pa mphambano ngati kutsidya kulibe malo opanda kanthu okwana mamita 32. Kutsekerezana kunatha, koma tramu inayamba kuima mpaka kalekale, chifukwa malo akangoyamba kutseguka akabaza amalowamo, popeza njinga imafuna mamita awiri okha. Lamulo lachiwiri linathetsa zimenezo: tramu ikayandikira, imasungitsa malowo, ndipo palibe chatsopano chimene chimaloledwa kulowamo mpaka amene ali kale mkati atatuluka ndipo tramu italowa. Kumene mphambano ziwiri zayandikana kuposa kutalika kwa tramu, pulogalamu imaziona ngati mphambano imodzi ndipo imasungitsa zonse pamodzi.

Kenako tramu inayamba kugunda magalimoto kumbuyo. Magalimoto anga amayang'ana mumzere umene alimo ndi wotsatira wokha, ndipo kwa iwo n'zokwanira. Pa liwiro la makilomita 40 pa ola, lomwe ndi mamita pafupifupi 11 pa sekondi, galimoto ya m'gemuyi imaima pa mamita 21, pamene tramu, imene ndinaipatsa mabuleki ofatsa kuti anthu oimirira asagwe, imafuna mamita 51. Pa boma mtunda umenewo ukhoza kudutsa mizere itatu. Tsopano tramu imayang'ana patsogolo potengera mtunda umene ikufuna kuti iime, mosawerenga kuti ndi mizere ingati. Ndinaletsanso magalimoto kudumphira mumzere wa njanji patsogolo pa tramu ngati mpata uli wochepera mtunda womwewo.

Pa mphambano za maloboti ndinaonjezera nthawi yapadera imene tramu yokha imakhota ena onse ataima, ndipo nthawiyi imabwera pokhapokha tramu ikayandikira, kuopa kuimitsa anthu pachabe. Ndinayesanso njira ya ku Melbourne, mzinda wa ku Australia umene uli ndi njanji za tramu za makilomita pafupifupi 250 ndipo nawonso amayenda kumanzere. Kumeneko, pa mphambano zina, wokhotera kumanja amadikira kumanzere kwenikweni kwa msewu mpaka maloboti atasintha, kuti asaime pa njanji. M'gemu njirayi inagwira ntchito bwino kwambiri, ndipo tramu inasiya kuima kumbuyo kwa malole. Koma mphwanga ndi anzake amene amandiyesera gemu onse anandiuza kuti magalimoto asokonekera. Ndinaisiya ngati chinthu chimene wosewera angasankhe yekha pa mphambano iliyonse, chokhala ndi chikwangwani chofotokoza. Njira yanthawi zonse ndi kuletsa kukhotera kumanja kumene kuli njanji, kapena kumanga kamzere kapadera kodikirira ngati msewu uli wotakasuka.

Tauni yoyeserera tsopano yayenda zaka 10 za m'gemu popanda timizere tofiira tija kuonekanso.

18 Juni: Anthu sakukwera

Tramu inkayenda bwino, koma inali kuyenda yopanda anthu. Munthu wa m'gemuyi amasankha njira pogwiritsa ntchito A*, ndondomeko imene kompyuta imapezera njira yachidule, powerenga mphindi za ulendo wonse, ndipo kabaza amapambana nthawi zonse chifukwa amakutenga pakhomo n'kukakusiya pakhomo, pamene tramu imafuna kuti uyende pansi kupita pa siteji n'kudikira. Kuwerenga kotereku kunalibe mtengo wa ulendo. Ndinaonjezera ndalama, ndipo munthu aliyense amaziyeza molingana ndi zimene amapeza: wamalipiro ochepa amalolera kuyenda pansi mphindi zisanu kuti asunge kangachepe, pamene wopeza bwino amalipira kuti afike msanga. Ndinaonjezeranso katundu ndi nyengo. Mayi wonyamula matumba a kabichi sakwera njinga, ndipo kukamagwa mvula kapena kukazizira monga mmene kukuchitira mwezi uno, anthu ambiri amasankha chokhala ndi denga. Sindinafune kuti tramu iphe kabaza, chifukwa umenewo ndi moyo wa achinyamata ambiri, choncho ndinalola ulendo wophatikiza, ndipo akabaza a m'gemu tsopano amasonkhana okha pa masiteji a tramu kudikira otsika.

Anthu atayamba kukwera, matramu anayamba kuunjikana. Yoyamba imapeza khamu pa siteji ya kumsika n'kuchedwa kukweza, yachiwiri imapeza anthu ochepa n'kufulumira, mpaka imaipeza inzake. Minibasi ikanapitirira, koma tramu singachoke pa njanji, choncho matramu onse ankayenda mondondozana ndipo mbali ina ya tauni inkadikira nthawi yaitali. Ndinachotsa lamulo la minibasi loti galimoto inyamuke ikadzaza, limene tramu inatengera mosazindikirika popeza ndinaipanga kuchokera pa minibasi. M'malo mwake tramu imayang'ana nthawi imene yapita chichokere inzake pa sitejipo, ndipo ikaona kuti yayandikira kwambiri imadikira. Kudikirako kumachitika pa masiteji amene ali ndi mzere wa tramu yokha, kuti isatsekereze magalimoto.

Siteji ili pakati pa msewu, choncho okwera ayenera kuwoloka. Poyamba ankangodutsa pakati pa magalimoto. Ndinamanga kachilumba kokwerera kotalika mamita 32, kolumikizidwa ku njira ya oyenda pansi ndi powolokera pa mizere yoyera, ndipo msewu wopapatiza umene kachilumbako sikangakwane sulandira siteji.

3 Julayi: Mawaya, mapolo ndi pothera njanji

Mawaya a pamwamba ndi mapolo ake anatsitsa liwiro la gemu kuchoka pa zithunzi 55 pa sekondi kufika pa 22, chifukwa pholo lililonse linkajambulidwa palokha. Ndinawaika onse mu MultiMesh, imene imajambula zinthu zofanana zambiri nthawi imodzi, ndipo ndinawagawa m'madera kuti amene ali kunja kwa sikirini asajambulidwe. Liwiro linabwerera pa 50. Mapolo ena ankagwera pa zitseko za masitolo ndi pa powolokera, choncho tsopano pholo lililonse limafufuza malo opanda kanthu mkati mwa mamita 5 lisanazikidwe. Pa makona waya amayenda mowongoka kuchoka pa pholo kufika pa linzake pamene njanji ikukhota, moti chitsulo cha padenga chokhudza waya chinkagwira mphepo. Ndinafupikitsa mpata wa mapolo pa makona onse.

Pothera njanji pali njira ziwiri: kumanga njanji yozungulira, imene imafuna malo a mamita oposa 40 m'lifupi, kapena kukhala ndi tramu ya mitu iwiri imene dalaivala amangosamukira kumbuyo. Ndinasankha ya mitu iwiri chifukwa malo pa boma ndi ochepa. Itayamba kubwerera, mabogi anatembenuka onse nthawi imodzi, wakutsogolo n'kudumphira kumbuyo. Pulogalamu inkawerengabe chobwerera m'mbuyo kuchokera ku mutu wakale. Tsopano pobwerera, mchira umasanduka mutu, mndandanda wa mizere umatembenuzidwa, ndipo ndondomeko ya mabogi imatembenuzidwanso.

Tramu imadya magetsi a tauni ya m'gemu, ndipo akachepa inkaima pomwe ili, ngakhale pakati pa mphambano. Ndinaipatsa batire laling'ono loti lizifikitsa pa siteji yotsatira, ndipo imadikira pamenepo mpaka magetsi atabwera. Wosewera amene sanamange magetsi okwanira amaonabe zotsatira zake, koma misewu sitsekeka.

21 Julayi: Kugumula msewu tramu ili pomwepo

Mphwanga anapeza njira yozimitsira gemu imene sindinaiganizire: anagumula msewu pamene mchira wa tramu unali udakali pamenepo. Tramu inafunafuna mzere umene kulibenso, ndipo gemu inazima. Kukulitsa msewu kunkachitanso chimodzimodzi, popeza mizere yakale imafufutidwa n'kupangidwa yatsopano. Tsopano msewu umene muli gawo lililonse la tramu sugumulika nthawi yomweyo, koma umaikidwa chizindikiro cha ntchito n'kudikira kuti tramu ituluke. Njanji ikaduka pakati, njira yonse imaimitsidwa, anthu amatsika pa siteji yapafupi, ndipo matramu amabwerera ku depoti ngati njira yobwererako ilipo. Ngati palibe, amaima pa siteji ndipo wosewera amauzidwa malo amene njanji yaduka.

Ndayesa gemu pa foni ya Android ya RAM ya 3 GB imene ndinagula yogwiritsidwa kale ntchito pa K85,000. Tauni ya anthu 20,000 ndi matramu asanu ndi limodzi imayenda pa zithunzi 28 pa sekondi, koma foni imatentha ikasewera nthawi yaitali, ndipo nditayeza ndinapeza kuti nthawi yambiri ikuthera pa anthu kufufuza njira, osati pa kujambula. Ndayamba kusunga mayankho a maulendo obwerezabwereza, monga ochokera dera limodzi kupita kumsika, kuti asawerengedwe mwatsopano kwa munthu aliyense. Kukoka njanji ndi chala n'kovutanso, chifukwa chala chimabisa kona imene munthu akufuna kuona ngati yafiira, choncho ndasunthira chizindikirocho pamwamba pang'ono pa chala.

Ndalama zonse za zipangizo zafika K210,000, osawerengera mabandulo a miyezi yonseyi. Zimene zatsala ndi malo amene njira ziwiri za tramu zimapatukana, pomwe kusungitsa malo kuyenera kudziwa kumene tramu ikulowera isanafike, ndi njanji yodutsa pakati pa raundabauti, imene pakali pano chida chokokera njanji chimaikana. Ndiyamba ndi popatukana, pogwiritsa ntchito mphambano yolowera ku boma kuchokera mu M1 ngati poyesera.